Ndevu Zanga ndi Sizasi ya ba Kangwa

Amene anandidula ndevu ndi ba Kangwa, supavaiza wa pamalo ena odyera ku Woodlands. Anandidula ndi sizasi yodulira nkhuku, m'mawa dzuwa lili ngwee, antchito onse akuona. Atatha anaseka n'kunena kuti ndi chimbuya chabe. Ndayamba ndi dzina lawo kuti musandidule pakati pa nkhani, pakuti ndimakudziwani inu ana, simudikira kuti munthu ameze malovu.

Iwe Taonga ndiwe unayambitsa zonsezi. Unapeza chithunzi chija mufoni ya amayi ako, ine ndili ndi ndevu tsaya limodzi, tsaya linalo ngati munda umene mwalowa mbuzi, n'kuitana Mapalo kuti mudzaseke awiri. Munaseka mpaka kugubuduka pakapeti. Sekani, palibe mlandu. Mdzukulu wosaseka agogo ake ndiye kuti sali bwino m'thupi. Koma poti mwaseka, muwerengenso. Ndalemba m'Chichewa cha atate anga, osati Chinyanja chanu cha m'minibasi chija, ndipo mawu akakukanikani mukafunse amayi anu.

Ndikudziwa kuti anzanu a ku Chelstone sakhulupirira mukamati awa ndi agogo athu. Agogo otani opanda imvi, othamangira basi mpaka kuipeza? Muziwauza kuti ine ndine mzime. Agogo anu aakazi ndi alongo anga oyamba kubadwa, ndipo anabereka amayi anu ine ndisanaone dzuwa. Ugogo sudikira imvi.

Ine ndinakulira ku Mandevu, kumene inu mumangodutsa magalasi a galimoto atatsekedwa. Atate anachoka ku Katete ali mnyamata, atafika kuno analowa mpingo wa Apostoli, uja wa zovala zoyera wopempherera pabwalo Loweruka. Kumpingo kwathu mwamuna amameta mutu mpala, koma lumo silifika kuchibwano. Si zokongoletsa nkhope ayi, ndi pangano. Mnyamata akaima pamaso pa akulu n'kunena kuti ndalowa ndi mtima wanga wonse, kuyambira tsiku limenelo chibwano chake si chakenso. Ine ndinaima choncho tindevu tanga tili towerengeka, anzanga akuseka kuti ukulonjeza chinthu chimene ulibe. Zinamera pambuyo pake, ndipo sindinazikhudzepo ndi chitsulo.

Atate anali mmisiri wa malata. Pakhomo pathu tambala analibe ntchito, chodzutsa anthu chinali nyundo. Anali ndi chidutswa cha njanji chosulirapo, nyundo yamtengo yosalazira, msomali waukulu woboolera mbaula, ndi chisizasi cha malata chimene ine ndinkachigwira ndi manja awiri lilime lili kunja. Tinkapanga zidebe, mabeseni, mbaula, timapoto ta tiyi. Inu simudziwa kulira kwa chidebe chalata pampopi, mmene mawu ake amasinthira madzi akamakwera, mwakuti unkadziwa kuti chadzaza uli kuseri kwa nyumba. Lero zonse ndi pulasitiki. Yagwa, yang'aluka, mwataya, mwagula ina. Chidebe cha atate chikabooka tinkachiika thako latsopano, chinkapita ku ukwati ndi mwana wamkazi, n'kudzasambitsa ana ake. Amayi anu anasambira m'chimodzi, afunseni ngati ndikunama.

Sukulu ndinalekera panjira. Atate anati dzanja lidziwe nyundo, ndipo ine, kunena zoona, sindinalire. Tinkasenza zidebe kutsata njanji mpaka m'tauni, zikugundana ngati mabelu a ng'ombe. Pobwerera ankandigulira chinangwa chootcha ndi mtedza wokazinga, ndi munkoyo wozizira, thobwa la kuno, wa mayi wina wa pamphambano. Ndiye chinali chakudya chimenecho, munthu unkafika kunyumba miyendo ikadali ndi mphamvu. Osati tonunkhira tanu ta m'mapepala, tongolira pakamwa m'mimba muli phee.

Dzina lakuti Mbaula anandipatsa ndi amayi anga, chifukwa sindichedwa kuyaka. Kamphepo pang'ono, makala afiira. La Yotamu limamveka kumpingo kokha. Iwe Mapalo usaseke, ndinakuona tsiku lija unaponya rimoti chifukwa cha makatuni. Magazi sanama.

Tsopano ndikuuzeni za chimbuya, pakuti mukapanda kuchimvetsa nkhaniyi simuimva. Ife a kum'mawa ndi Abemba timatchulana kuti mbuya. Akulu amati makolo athu anamenyana kalekale, nkhondo itatha anagwirizana kuti zotsala azimenyana ndi pakamwa. Iwo amatinena kuti ndife odya mbewa, ife timati iwo ndi odya anyani, ndipo palibe wokwiya. Wokwiya ndiye amene wadzichititsa manyazi.

Pafupi ndi kwathu pankakhala ba Mwila, mkulu wachibemba wa ku Luapula wokonza njinga. M'mawa uliwonse ankafuula ali kumpanda, "Mwashibukeni, ba mbeba!" Atate osasiya nyundo ankayankha, "Tadzuka, kaya anyani agona bwanji kumtengoko?" Ba Mwila ankatha kutola chidebe chatsopano pamulu n'kumapita nacho akuimba mluzu. Mawa lake atate ankapita kukatenga pampu yawo ya njinga, n'kukhala nayo mpaka chidebe chibwere. Nthawi zina ba Mwila ankagwira ndevu za atate n'kufunsa kuti muno mukugona mbewa zingati, atate n'kuwavula chipewa, kuchiponya padenga. Gwirani mawu amenewa, inu ana: atate ankabwezera. Ndipo ba Mwila, ndi kusereula kwawo konseko, sanabweretsepo lumo pafupi ndi chibwano cha atate. Ankadziwa pamene masewera amalekezera.

Atate atamwalira, Abemba ndi amene anagwira maliro. Anatunga madzi, anaphika, ananyamula bokosi, ndipo anatipaka ufa kumaso tili m'misozi, mpaka amayi anaseka pakati pa kulira. Amene anandikhuthulira ufa pamutu ine anali mwana wamkazi wa ba Mwila, amene timawatchula bana Chanda potengera mwana wawo woyamba. Ndinayera ngati mzukwa, ufa mpaka m'ndevu, koma mtima unapepuka. Chimbuya chenicheni ndi chimenecho.

Nyundo inaphedwa ndi pulasitiki. Atate atapita ndinayesa ndekha, koma anthu ankangogwira chidebe, kuyamikira, n'kukagula cha pulasitiki cha buluu. Ndinapita ku Intercity, siteshoni ya mabasi akutali, kukanyamula katundu wa apaulendo ndi wilibala. Malo amenewo ndinkawadziwa kale. Ndili mwana tinakwererapo basi ya ku Katete ndi atate, ulendo wa tsiku lathunthu, basi ikubuula m'mapiri a Manenekela amayi ena akupemphera mokweza, kenako kuima pamlatho wa Luangwa pamene fungo la nsomba zouma limakulandira usanatsike. Inu mukamapita kumudzi mumagona kumpando wakumbuyo, kudzuka mwafika, ndiye muti mwayenda? Koma ndasochera. Ku Intercity ndevu zinalibe mlandu, mlandu unali pakamwa panga. Tsiku silinkatha osakangana ndi anyamata oitanira mabasi, aja olanda chikwama cha munthu asananene kumene akupita.

Bana Chanda ndi amene anandichotsako. Iwo anali ophika pamalo aja a ku Woodlands, ndipo kunkafunika munthu wodziwa makala wootcha nkhuku. "Iwe wabadwila pa mbaula," anatero, "tiye ukaoche vinkhuku, usiye kumenyana na ma wilibala." Akulu a mpingo sanakondwe. Kwathu amati mupostoli amadya za manja ake, sagwirira munthu wina ntchito. Koma amayi anali atayamba kudwala shuga, ndipo mankhwala safunsa kuti umapemphera kuti.

Mwini malowo, amayi a ku Kabulonga amene tonse timangoti ba madamu, anayang'ana ndevu zanga n'kunena kuti chimene sakufuna ndi tsitsi m'chakudya. Anandipatsa kaneti kovala kuchibwano, kofanana ndi kamene azimayi amavala kumutu m'khitchini. Ndinavala. Yunifomu yoyera, apuloni, chipewa, nsapato zotseka, zikhadabo zowenga, kaneti. Musaganize kuti agogo anu amadana ndi yunifomu. Lamulo lokhala ndi chifukwa ndimalimvera osang'ung'udza. Nsapato yotseka imakuteteza ku khala, kaneti kamateteza mbale ya munthu. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, ndipo palibe amene anapezapo tsitsi langa m'nkhuku. Chowotchera chinali kutsogolo, anthu akuona, ndipo ena ankabwera n'kunena kuti tikufuna yowotcha wandevu uja.

Kenako ba madamu anatsegula malo ena ku Northmead, kuno n'kutisiyira ba Kangwa. Munthu wa suti yothina, nsapato zosongoka ngati mlomo wa kakowa, mafuta onunkhira ofika iye asanafike. Ndi tayi yofiira. Tayi imeneyo ankaisisita polankhula monga mmene munthu amasisitira mwana wake. Anayambitsa zotiimika pamzere m'mawa uliwonse, iye n'kumayenda kutiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Azimayi duku ayi. Amuna chibwano chosalala. "Apa ni Woodlands," ankatero, "si komboni."

Atafika pa ine anaima.

"Iwe Mbaula, nichani ivi kukamwa? Mailo kukacha ubwele wameta."

"Ba supavaiza, ni za chechi. Ba madamu baziba. Nivala kaneti."

"Chechi iti? Ija ya pansi pa mtengo? Mulungu wanu alibe lezala?"

Makala anayamba kufiira. Ndinaloza kubala, kumene mphwake wa ba madamu ankagulitsa zakumwa, mnyamata wa ndevu zodulidwa mizere ngati kapinga wa ku Kabulonga. "Nanga uja?"

"Ija ni sitayilo," anatero ba Kangwa akusisita tayi. "Yako ni thengo."

Mwamva, inu ana? Ndevu za sitayilo zinali zololedwa, ndevu za pemphero ayi. Vuto silinali tsitsi. Vuto linali kumene tsitsilo limagwada Loweruka.

Sindinamete. Anandichotsa pachowotchera n'kundiponya kuseri kukatsuka mapoto, kuti makasitomala asandione. Ndinatsuka. Mwana wa mmisiri wa malata sachita manyazi ndi poto. M'mawa uliwonse funso linali lomwelo, yankho lomwelo, ndipo ndinkaganiza kuti adzatopa.

Tsiku la sizasi lija kunali kozizira, kamphepo kaja ka pakati pa chaka kong'amba milomo. Tinaima pamzere kuseri kwa khitchini. Ba Kangwa anatulukira dzanja limodzi lili kumbuyo, akumwetulira.

"Mbuya wanga, bwela nikuone."

Ngakhale ndi Mubemba, anali asananditchulepo mbuya chibwerere. Ndisanaganize kanthu anakoka kaneti, anagwira ndevu za tsaya lamanzere, ndipo ndinangomva kuti khwa! Kuzizira kwa chitsulo pakhungu, ndi fungo la nkhuku yaiwisi. Anakweza dzanja m'mwamba, tsitsi langa lili m'zala zake.

"Chimbuya, bane! Nachosa chisa cha mbeba!"

Anthu anaseka. Musawadzudzule kwambiri. Munthu akafuula kuti chimbuya, kuseka kumabwera kokha ngati kuyetsemula, ndiponso woseketsayo anali bwana.

Ine sindikumbuka mmene chitsulo chotokosera makala chinafikira m'dzanja langa. Ndinangoona kuti chilimo, ndipo mutu wa ba Kangwa uli pafupi. Pamenepo bana Chanda anandigwira pamkono. Amayi aja dzanja lawo ndi la munthu wovundula mphika waukulu, silitereka. Anandinong'oneza kukhutu, "Ukamumenya wamupasa nkhani. Bazakamba ati mupostoli wamenya bwana. Ndevu bazaibala."

Chitsulo chinagwa pasimenti. Ndinagwada, ndinatola tsitsi langa lonse limene anali atalitaya pansi, ndinalikulunga m'kaneti n'kuika m'thumba. Kuseka kunayamba kuchepa.

"Manje yenda ku baba shopu ukasilize," anatero ba Kangwa. "Ukameta ubwele. Osameta, osabwela."

Sindinakwere minibasi. Ndinadziwa kuti kondakitala akangoseka, mlandu wa ba Kangwa ugwera iye. Ndinayenda wapansi kudutsa Kabwata mpaka m'tauni, kenako kutsata njanji ija ya zidebe mpaka kwathu. Amayi anandiyang'ana, anaika chikhato patsaya lometedwalo, n'kunena mawu ochepa: "Atate ako anapita ndi zawo zonse."

Apa ndi pamene panayambira nyengo ya chithunzi chanu chija. Akulu a mpingo anati tchimo si langa poti ndinadulidwa mokakamizidwa, koma sanaiwale kundikumbutsa kuti tinakuuza. Mnzanga wometa anthu anandiitana, "Boi, bwela nikulinganizile chabe, sinizakulipilisa." Ndinakana. Ndikanalinganiza, ndiye kuti ntchito imene ba Kangwa anaiyamba ndaitsiriza ndi dzanja langa. Ndinati ndiyenda choncho, aliyense aone. M'minibasi ana ankandiloza. Kondakitala wina anati, "Mudala, malaiti anayenda muli pakati?" Ndinaluma lilime mpaka kulawa magazi. Kwa munthu ngati ine, kusamenya ndi ntchito yolemera kuposa kusenza matumba a ku Intercity.

Amayi anu ndi amene ananditsegula maso. Ndinabwera kwanu ku Chelstone, inu muli kusukulu, ndipo iwo sanaseke. Anatenga foni n'kundijambula mbali zonse ziwiri.

"Amalume, lamulo lilipo," anatero. "Munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha chipembedzo chake. Pitani ku ofesi ya zantchito."

"Malamulo ndi a anthu a matayi," ndinayankha.

"Ndiye mukufuna amene anakudulaniyo akhale nalo yekha?"

Mawu amenewo anandilasa. Atate m'nthawi yawo njira inali imodzi: bwana akanyoza ndevu zako, umatola chipewa n'kubwerera ku nyundo yako. N'chifukwa chake ankakana kulembedwa ntchito. Koma ine nyundo yobwererako ndinalibe, ndipo chowotchera chija ndinkachikonda. Ndinkafuna zonse ziwiri, ntchito yanga ndi ndevu zanga, osati kusankhapo chimodzi.

Ndinapita. Masitepe, mabenchi, anthu ambiri okhala ndi madandaulo awo, onse akuba maso kuyang'ana tsaya langa. Anandilandira mayi wina wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandifotokozera kuti bwana ali ndi ufulu woika malamulo a kavalidwe, ngati malamulowo akuthandiza ntchito, monga ukhondo kapena chitetezo. Koma lamulo lololeza ndevu za uyu n'kukana za uyo chifukwa cha kumene amapemphera, limenelo ndi tsankho, ndipo lamulo la dziko limakana. Anati aitanitsa mbali zonse kuti tikhale pansi. "Koma mboni uli nayo?"

Mboni! Anthu onse aja anaona, koma nditawayendera mmodzimmodzi aliyense anali ndi kwake koyang'ana. Ena ankaopa ntchito, zimenezo ndinamvetsa. Koma ena ankanena ndi mtima woona, "Mbaula, chinali chimbuya, ibala chabe." Ngakhale ku Mandevu kwenikweniko anthu ankandifunsa, "Wasumira mbuya wako? Zinayamba zachitika kuti?" Apa ndi pamene ndinaona kuchenjera kwa ba Kangwa. Anabisala m'chinthu chimene tonse timachilemekeza. Ndikakwiya, wosadziwa mwambo ndine. Ndikakhala chete, ndevu zapita. Ndinapemphanso bana Chanda. Ali ndi ana, mwamuna anawasiya. "Nizaganiza," anatero. Sanalonjeze.

Tsiku la msonkhano tinakhala m'kachipinda ka tebulo limodzi. Mayi wa magalasi pakati, ba madamu ndi ba Kangwa mbali iyo, ine mbali ino ndekha. Tayi yofiira inalipo. Ba Kangwa analankhula Chingerezi chachitali chimene theka lake linandidutsa pamutu, kenako anatsikira m'Chinyanja.

"Mayo, ni chimbuya chabe. Uyu ni wa kum'mawa, ine ndine Mubemba. Ni mwambo wathu. Manje tizayamba kumangana chifukwa cha kuseka?"

Ndinaona mayi wa magalasi akumwetulira pang'ono. Nayenso ali ndi ambuya ake kwawo, amadziwa kukoma kwake. Ba madamu anatembenukira kwa ine mokoma mtima ndithu, n'kunena kuti, "Mbaula, tisavutane. Chepesako chabe mbali iyo yasala, zilingane, ubwele ku nchito Mande."

Inu ana, mawu okoma ndi oopsa kuposa sizasi. Ntchito inali pamenepo patebulo, kungotambasula dzanja. Ndinaganiza za mankhwala a amayi. Ndinaganizanso za chikhato chawo patsaya langa.

Chitseko chinatseguka. Bana Chanda, chitenje m'chiuno, duku kumutu, apuloni ya kuntchito ikusuzumira m'chikwama. Sanayang'ane ba Kangwa. Anapempha kulankhula, ndipo ananena zonse: za mzere wa m'mawa, za chechi cha pansi pa mtengo, za mapoto, za ndevu za mnyamata wa kubala uja zimene palibe anazifunsa. Ba madamu anayamba kuyang'ana supavaiza wawo ndi diso lina. Pomaliza bana Chanda anati, "Ine ndine Mubemba, nabadwila mu chimbuya. Uyu ninamuthila unga pamutu pa malilo ya batate bake. Koma chimbuya cha sizasi sininachionepo."

Ndikuuziretu zimene zinatsatira, kuti Taonga usandivutitse. Ntchito ndinabwerera, pachowotchera pomwe, kaneti kali kuchibwano. Lamulo la chibwano chosalala linachotsedwa, linatsala lakuti ndevu zikhale zaukhondo ndi zophimbidwa, ndipo maduku a azimayi anabwerera mwakachetechete. Ba Kangwa sanachotsedwe, alipo mpaka lero, timadutsana ngati minibasi za njira zosiyana. Bana Chanda analipira kulimba mtima kwawo, anawapatsa mashifiti oipa nyengo yonse yotentha, ndipo sanadandaulepo kwa ine. Mukadzawaona muziwagwadira. Tsaya lamanzere linamera, koma mopotana, silinafanane ndi linzake. Mukadzabwera mudzagwire muone.

Koma zonsezo zinadza pambuyo. M'kachipinda muja, bana Chanda atakhala pansi, mayi wa magalasi anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinakhalira manja anga onse awiri kuti asayambe kulankhula ndiwo. Makala anali ofiira, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawagwiritsa ntchito yophika, osati yotentha nyumba. Ndinayang'ana ba Kangwa m'maso, ndipo ndinalankhula Chichewa cha atate, pang'onopang'ono.

"Ba Kangwa, mwati chinali chimbuya. Chabwino, ndavomera. Chimbuya ndimachidziwa, ndinakulira m'menemo. Mbuya akakutengera chidebe, iwe umamutengera pampu. Ndiye amayi, ndibwerekeni sizasi ya muofesi muno. Ba Kangwa asendere pafupi, ndidule tayi yawoyo pakati, tiseke tonse, nkhani ithere pompano."

Dzanja la ba Kangwa linathamangira pachifuwa n'kuphimba tayi. Iwo sanalitume, linapita lokha. Onse m'chipindamo analiona, ndipo iwonso anaona kuti aliona.

"Mwaona? Ndi nsalu chabe imeneyo, ya m'sitolo, koma dzanja lanu lakana. Zanga zinali pangano langa ndi Mulungu. Mbuya wanga ndi amene ndingamubwezere mawa osaopa kuti ana a nyumba yathu agona ndi njala. Inu simunali mbuya wanga tsiku lija, munali bwana wogwira sizasi. Sindichepetsa kanthu, sindilinganiza kanthu. Lolemba ndikubwera kuntchito ndi ndevu zanga, zimene munasiya ndi zimene zikumera, ndipo muzidzaziona m'mawa uliwonse pamzere wanu uja."